Filimu yakale akaikonzanso, n'chiyani chimasintha pa chithunzi ndi mawu?

Sabata ya St Patrick's Day chaka chatha ndinagula DVD ya filimu yotchedwa The Quiet Man m'sitolo ina ya zinthu zakale kuno ku Balbriggan. Mtengo wake unali mayuro awiri basi. Mphunzitsi mnzanga, mayi wa ku Mayo, anali atandiuza kangapo kuti munthu sanganene kuti wakhala ku Ireland asanaonere filimu imeneyi, ndiye Loweruka madzulo tinakhala pansi banja lonse. Sipanathe mphindi khumi mwana wanga wamkazi, wa zaka 10, anafunsa kuti, "Amayi, kodi TV yawonongeka?" TV inali bwinobwino. Koma nkhope za anthu zinkaoneka ngati zapakidwa mafuta, udzu unali wobiriwira mopweteka maso, ndipo m'mphepete mwa chipewa cha munthu aliyense munkadutsa kamzere kofiira, monga zimakhalira pa nyuzipepala imene makina asindikiza mopendekera. Mawu nawo ankamveka ngati akuchokera mumgolo. Tinazimitsa filimu isanafike pakati.

Patapita milungu ingapo mnzanga uja anandibwereka Blu-ray ya filimu yomweyo. Mwana yemwe uja anaonera mpaka kumapeto, ndipo anakana kukhulupirira kuti filimuyo ndi yakale kuposa agogo ake a ku Zomba. Pachikuto pa madisiki otere pamalembedwa mawu akuti remastered kapena restored. Mawu amenewa timakumana nawo m'masitolo, kulaibulale ndi pa intaneti, ndipo nthawi zina timalipira ndalama zowonjezera chifukwa cha iwo. Ndi bwino kudziwa chimene tikugula.

Filimu yakeyo

The Quiet Man inatuluka mu 1952. Ndi nkhani ya chikondi yoseketsa, ndipo anaitsogolera ndi John Ford. Iyeyu anabadwira ku America, koma makolo ake anachokera ku Galway, moti ana athu obadwira kunja kuno angamumvetse: anali mwana wa anthu obwera, amene anakula akumva za kwawo kwa makolo ake kenako n'kupita kukakujambula mokongola kuposa mmene kunalili. John Wayne ndiye Sean Thornton, katswiri wa nkhonya amene wachoka ku Pittsburgh kubwerera kumudzi kumene anabadwira. Maureen O'Hara, wobadwira ku Ranelagh mu Dublin mu 1920, ndiye Mary Kate Danaher. Zambiri za panja anazijambula mu 1951 ku Cong, m'malire a Mayo ndi Galway, ulendo wa maola pafupifupi atatu pagalimoto kuchokera kuno. Filimuyi inapata ma Oscar awiri: imodzi ya Ford monga wotsogolera, ina ya ojambula ake, Winton Hoch ndi Archie Stout, chifukwa cha kukongola kwa mitundu. Ndiye taganizani, filimu yolandira mphoto chifukwa cha mitundu, ine n'kuionera ili mbuu ngati chitenje chochapidwa zaka khumi.

Mafilimu atatu m'kamera imodzi

Kuti timvetse kamzere kofiira kaja tiyenera kuona mmene kamera ya nthawi imeneyo inkagwirira ntchito. Njira yake inkatchedwa Technicolor. Kamerayo inali chimphona, ndipo mkati mwake munkayenda malamba atatu a filimu nthawi imodzi. Kuwala kukalowa, kagalasi kapadera kankakugawa, moti lamba wina ankajambula gawo lofiira, wina gawo la girini, wina gawo la buluu. Pano Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono, poti masamba timati ndi obiriwira, thambo nalonso timati ndi lobiriwira. Kwa kamera imeneyi iyi inali mitundu iwiri yosiyana, uliwonse ndi lamba wakewake.

Chodabwitsa n'chakuti pa malamba atatuwo panalibe utoto ngakhale pang'ono. Onse anali a zithunzi zakuda ndi zoyera. Utoto unkabwera pambuyo pake, posindikiza makope opita ku nyumba zoonetsera mafilimu: ankadinda katatu pamalo amodzimodzi, monga munthu wodinda chidindo chachikasu, kenako china pamwamba pake, kenako chachitatu. Zidindo zitatuzo zikagwera ndendende pamalo amodzi, chithunzi chimatuluka chakuthwa ndi chowala.

Vuto limabwera ndi ukalamba. Lamba wa filimu amafota pakapita zaka, ndipo atatuwo safota mofanana. Wina akafupika pang'ono chabe kuposa anzake, zidindo sizigweranso pamodzi. Chofiira chimasefukira kumanzere, chabuluu kumanja, ndipo maso a munthu amene anali akuthwa amasanduka mabala awiri osaoneka bwino. Kuwonjezera apo, matepi a VHS ndi ma DVD ambiri oyambirira sankachokera ku malamba oyamba aja. Ankachokera ku kope ya kope. Aliyense amene anagwirapo ntchito kusukulu akudziwa zimene zimachitika mukafotokopa pepala, kenako n'kufotokopa fotokopeyo, n'kubwerezanso kachitatu: zilembo zimanenepa, madontho akuda amachuluka, ndipo ana amayamba kufunsa ngati ili ndi 3 kapena 8.

Chimene okonzanso amachita

Ntchito yeniyeni ya remaster imayamba ndi kubwerera ku gwero, kutanthauza negetivu imene inali m'kamera tsiku lojambula, kapena kope yoyandikira kwambiri kwa iyo. Amaitsuka, n'kuidutsitsa m'makina amene amajambula chithunzi chilichonse pachokha n'kuchisunga m'kompyuta. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndipo The Quiet Man ndi ya mphindi 129. Mukawerengetsa mupeza zithunzi zoposa 185,000, ndipo ngati akujambula malamba onse atatu payekhapayekha ndiye kuti zikuposa 550,000. Zikalowa m'kompyuta, n'zotheka kukoka kapena kufinya chithunzi cha lamba wofota uja mpaka chigwere pa zinzake, chinthu chimene manja ndi makina akale ankalephera. Kenako amachotsa fumbi, mikwingwirima ndi madontho, n'kulinganiza mitundu poyerekeza ndi makope akale abwino, kuti khungu la munthu lioneke ngati khungu, osati ngati papaya wakupsa.

Kwa filimu yathuyi kusintha kwakukulu kunabwera mu 2013, pamene kampani ya Olive Films ku America inatulutsa Blu-ray yochokera ku negetivu yojambulidwanso mu 4K. Mu 2015, chaka chimene Maureen O'Hara anamwalira, kampani ya Eureka ku Britain inatulutsa yake pa mndandanda wa Masters of Cinema, ndipo imeneyi ndi imene imasewera m'makina a kuno.

Malo abwino oyesera kope iliyonse ndi pamene Sean akumuona Mary Kate koyamba, akuweta nkhosa pansi pa mitengo, atavala siketi yofiira ndi bulauzi yabuluu. Pa DVD yanga ya mayuro awiri ija tsitsi lake ndi siketi yake zinali mtundu umodzi, ndipo nkhosa zinali ngati thonje lomwazika. Pa Blu-ray tsitsi ndi lofiirira mwa mtundu wake, siketi ndi yofiira mwa mtundu wina, kuwala kwa dzuwa kukudutsa m'masamba, ndipo nkhosa mutha kuziwerenga.

Za manambala, mwachidule. Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho. VCD, ija tinkaonerapo mafilimu a ku Nigeria m'ma vidiyo sho kwathu, ili ndi timadontho 352 m'lifupi ndi 288 m'litali. DVD ya ku Ulaya ili ndi 720 ndi 576. Blu-ray ili ndi 1920 ndi 1080, kuchulukitsa kasanu timadontho ta DVD. Disiki ya 4K ili ndi 3840 ndi 2160. Koma musapusitsidwe ndi manambala okha. Fotokope yoipa mukaiika m'felemu yagolide imakhalabe fotokope yoipa, ndipo Blu-ray yochokera ku kope yotopa imangokuonetsani kutopako momveka bwino. Pogula, tembenuzani chikuto muwerenge kumbuyo. Amene agwiradi ntchito amanena gwero lawo, monga kuti achokera ku negetivu yoyamba ndipo aijambula mu 2K kapena 4K. Amene angolemba kuti digitally remastered osanena china chilichonse, nthawi zambiri alibe choti anene.

Mchenga wa pachithunzi si dothi

Bambo a kunyumba kwathu ataona Blu-ray ija anadandaula chinthu chimodzi: akayandikira TV ankaona timchenga tikuvinavina pathambo ndi pamakoma. Ankaganiza kuti okonzawo anasiya ntchito pakati. Timchenga timeneti ndi thupi la filimuyo. Lamba wa filimu amapakidwa timibulu tating'onoting'ono ta siliva, ndipo ndi timeneti timagwira kuwala. Chithunzi chonse chamangidwa ndi ito, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. Makampani ena, poopa madandaulo onga a bambo aja, amagwiritsa ntchito kompyuta kusalaza timchengato, ndipo pamodzi ndi ito amachotsa makwinya a pankhope, ulusi wa jekete ndi udzu wa padenga. Anthu amatsala osalala ngati zidole za m'sitolo ya zovala. Kwa ine, kope imene yasiya timchenga take ndi imene yalemekeza filimu.

Chinanso chimene ana amadandaula ndi mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Filimu za 1952 zinkajambulidwa m'bokosi lotsala pang'ono kufanana mbali zonse, 1.37 m'lifupi pa 1 m'litali, pamene TV zathu za lero ndi zotambalala. Mizere yakudayo ndi chizindikiro chakuti mukuona chithunzi chonse. Mukadina batani lodzazitsa sikirini, TV imachita chimodzi mwa ziwiri: imadula mitu ndi mapazi, kapena imakoka anthu m'mbali mpaka John Wayne afanane ndi thumba la chimanga.

TV yanu ikhoza kuwononga ntchito yonseyi

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndipo sipafunika ndalama kuti tikonze. TV zambiri zimachoka kusitolo zitatcheredwa kuti ziwale kwambiri pakati pa zinzake. Zimawonjezera mitundu, zimanola m'mphepete mwa zinthu, ndiponso zimapeka zithunzi zawozawo n'kuzilowetsa pakati pa zithunzi 24 zija kuti kuyenda kuoneke kosalala. Pa mpira zimenezi zimathandiza. Pa filimu zimachititsa kuti zonse zioneke ngati sewero la pa TV lojambulidwa dzulo kuseri kwa nyumba. Samsung imatcha zimenezi Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, LG imati TruMotion, Sony imati Motionflow. Lowani mu Settings muzimitse. Ngati TV yanu ili ndi Filmmaker Mode, sankhani imeneyo, chifukwa imazimitsa zonsezi kamodzi. Ngati ilibe, sankhani Cinema kapena Movie. Poyamba chithunzi chidzaoneka chachikasu pang'ono ndi chakuda kuposa mmene munazolowera. Pirirani mphindi khumi, maso adzakhazikika. Ana inu, iyi ndi ntchito yanu, popeza rimoti mumaidziwa kuposa ife.

Mawu

Mu 1952 mawu a filimu ngati iyi ankachokera pamalo amodzi, kuseri kwa chinsalu choonetserapo. Ndiwo amati mono. Palibe chimene chinajambulidwa kuti chizimveka kumbuyo kwanu kapena m'mbali, choncho musadandaule kuti masipika anu asanu akhala chete kupatula yapakati. Ntchito ya okonza mawu ndi kuchotsa kuthetheka ndi phokoso la "sss" limene limabwera ndi ukalamba, popanda kudya mawu a anthu. Akapyola muyeso, mawu amamveka ngati munthu akulankhula atatseka pakamwa ndi bulangete, ndipo nyimbo za Victor Young zimataya kuwala kwake. Pa Blu-ray mawu amasungidwa osafinyidwa kapena ofinyidwa mosataya kanthu, pamene pa DVD amafinyidwa kuti akwane. Pa filimu yakale chonchi kusiyana kumeneku si kwakukulu ngati kwa chithunzi, ndinene zoona. Mukamva zoimbira zikulira mopyapyala pang'ono, umo ndi mmene makina a nthawiyo ankagwirira mawu, ndipo palibe angabwezeretse zimene maikolofoni sinamve.

Pali kanthu kena kamene ambiri sadziwa. TV za ku Ulaya, monganso za ku Malawi, zinkayenda zithunzi 25 pa sekondi, osati 24. Njira yachidule imene ankatsata popanga ma DVD a kuno inali kungoithamangitsa filimu pang'ono. N'chifukwa chake filimu ya mphindi 129 imatha pa mphindi pafupifupi 124 pa DVD yotere, popanda chodulidwa, ndipo pa madisiki ambiri mawu a anthu ndi nyimbo zimakwera pang'ono. Blu-ray imabwezera filimu pa liwiro lake.

Ngakhale mawu atayera chotani, Chingerezi cha Barry Fitzgerald, amene akusewera ngati Michaleen Flynn, chimafuna khutu lozolowera. Ife tinayatsa mawu olembedwa pansi, ndipo palibe manyazi pamenepo. Pena pake Mary Kate akufuna kuuza wansembe, Father Lonergan, vuto la m'banja mwake, ndipo chifukwa cha manyazi akusiya Chingerezi n'kulankhula Chiairishi. Mwana wanga, amene amaphunzira chinenerochi kusukulu, anatola mawu awiri atatu n'kunyada. Ine ndinaseka pa chifukwa china: ndi mmene timachitira ife m'basi kapena m'sitolo, nkhani ikafika poti ena asamve timathawira ku Chichewa.

Musanagule kapena kuitanitsa

Madisiki ali ndi malire a mayiko. Pa DVD, Ireland, Britain ndi South Africa zili m'chigawo 2, Malawi ndi Zambia zili m'chigawo 5, America ili m'chigawo 1. Pa Blu-ray n'kosavuta: Ulaya ndi Africa yonse ndi chigawo B, America ndi chigawo A. Achibale a ku Indiana kapena ku Texas akakutumizirani disiki, ikhoza kukana kusewera m'makina anu. Ndipo musanatulutse ndalama, yambani mwafunsa kulaibulale. Kulembetsa ndi kwaulere, disiki imene ili m'laibulale ya tauni ina mutha kuiitanitsa kuti ibwere ku Balbriggan, ndipo chiyambire 2019 malaibulale a boma ku Ireland salipiritsanso chindapusa mukachedwa kubweza. Pa intaneti filimu yomweyo imatha kupezeka m'makope osiyanasiyana, ena okonzedwa, ena otopa ngati DVD yanga ija, ndipo intaneti ikafooka chithunzi chimafinyidwa mpaka thambo kusanduka timabokosi.

Chithunzi choyera chimaulula zambiri

Kope yokonzedwa bwino imaonetsanso zimene kope yoipa inkabisa. Mudzazindikira msanga kuti malo ena sanajambulidwe ku Mayo koma mu situdiyo ku Hollywood, chifukwa kumbuyo kwa anthu kuli chithunzi chopentedwa ndipo kuwala kwake n'kosiyana. Zimenezi sizinandikhumudwitse, ana anasandutsa masewera, kupikisana kuti aone ndani ayambe kutulukira za mu situdiyo.

Zina n'zolemera. Nkhani yonse yagona pa chuma cha ukwati. Mchimwene wake wa Mary Kate, Will Danaher, akukana kupereka katundu ndi mapaundi 350 amene mlongo wake ayenera kulowa nawo m'banja. Sean, ndi maganizo ake a ku America, akuti ndalamazo alibe nazo ntchito. Mary Kate akuona kuti popanda chuma chakecho iye ndi wantchito chabe m'nyumba ya mwamuna. Mmalawi sangavutike kumvetsa mkangano umenewu, ngakhale kuti kuno chuma chikuchokera kwa mkazi pamene malowolo a kumpoto kwathu kapena ku Nsanje amachokera kwa mwamuna. Michaleen naye ndi nkhoswe yeniyeni, yoyenda pakati pa mabanja awiri ndi kuonetsetsa kuti achinyamatawo asakhale awiriwiri nthawi isanakwane. Koma chakumapeto Sean akumukoka mkazi wake kuchokera kusiteshoni ya sitima kudutsa m'minda, mudzi wonse ukutsatira mosangalala, mayi wina mpaka kumupatsa ndodo. Mu 1952 anthu ankaseka. Pa chithunzi chakuthwa mumaona bwinobwino mkazi akugwa, nsapato itavuka, akukokedwa pa udzu. Mwana wanga sanaseke. Anafunsa chifukwa chake palibe amene akumuletsa, ndipo tinaimitsa filimu n'kukambirana. Makolo, konzekerani funso limenelo. Ndimaona kuti ndi bwino kuti okonza sanadule malowa, pakuti ntchito yawo ndi kubwezeretsa zimene zinajambulidwa, zokoma ndi zowawa zomwe.

Matepi athu

Chimene chinapulumutsa The Quiet Man n'chakuti wina anasunga negetivu yake zaka zoposa 60. Kuno ku Ireland ntchito yosunga mafilimu ili m'manja mwa IFI Irish Film Archive, imene ili ku Temple Bar ndipo ili ndi nkhokwe ina ku Maynooth. Amasunga ngakhale mafilimu amene mabanja wamba ankajambula okha. Ife mafilimu athu a chikondi ndi nthabwala ndi mavidiyo a ukwati ndi a chinkhoswe, aja a perekaniperekani wa maola atatu. Ambiri ali pa VHS kapena pa DVD yowotchedwa pa kompyuta, m'kabati kumudzi, mmene muli kutentha ndi chinyezi. Tepi imachita nkhungu, ndipo utoto wa disiki yowotcha umafooka ndi zaka.

Malamulo ake ndi omwe aja. Funani gwero: tepi yeniyeniyo, kapena fayilo imene wojambula anatulutsa m'kamera, osati kope imene yadutsa m'mafoni asanu. WhatsApp imafinya vidiyo mukaitumiza mwachizolowezi, choncho uzani achibale aitumize ngati Document, kapena aiike pa fulashi. Mukaisamutsira pa kompyuta, sungani makope awiri m'malo osiyana, ndipo tepi yoyambayo musataye. Chenjeraninso ndi mapulogalamu a pafoni amene amalonjeza kuyeretsa zithunzi zakale ndi AI. Pamene chithunzi chilibe tsatanetsatane, iwo amapeka. Msuweni wanga anayesa pa chithunzi cha malemu agogo athu aakazi, ndipo chinatuluka chakuthwa ndithu, koma mphini za pamasaya zinafufutika ndipo mano anali a munthu wina.

Agogo omwewo akuoneka kwa mphindi zinayi zokha pa tepi ya ukwati wa azakhali anga wa mu 1998, akuvina ndi ndalama m'manja. Ndinawaimbira amayi kuwafunsa ngati tepiyo ilipobe. Anati ili m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi masatifiketi. Ndawapempha kuti asaiyese m'makina alionse, aikulunge m'pulasitiki youma, ndipo mlamu wanga akamabwerera kuno mu Januwale aitenge m'chikwama cha m'manja.